Ndinaika SPD koma filiji yapsa, kasitomala ali nane pakhosi

Wamawaya49: Akuluakulu thandizeni msanga. Ndinaika SPD (chipangizo choteteza katundu ku surge, kukwera kwa magetsi kwadzidzidzi) ya Type 2, 40kA, mu DB (bokosi la ma breaker) ya mayi ena ku Area 49, single phase. Dzulo magetsi atangobwera, filiji, TV ndi decoder zonse zapsa. Kawindo ka SPD kafiira, kusonyeza kuti yafa. Kunalibe mvula, kunalibe mphenzi. Mayiwo akuti ndinawagulitsa chinthu chabodza, ndiwabwezere ndalama. Nanga ntchito yake chinthuchi n'chiyani??

MadalaNdirande: Earth rod munayeza? Yakupatsani ma ohm angati?

GetsiZomba: Achimwene, afunseni ngati mababu anawala modabwitsa zinthu zisanapse, mufunsenso maneba. Ngati ndi choncho, neutral inaduka panja ndipo m'nyumbamo munalowa mphamvu yoyandikira 400V. SPD imameza surge ya ma microsecond, monga ya mphenzi yogwa patali. MOV (kachipangizo ka mkati mwa SPD komeza surge) ya 275V ikakhala pa voltage yokwera chotero imatentha n'kudzidula yokha, ndiye kufiirako. Ikadzidula magetsi amapitabe m'nyumba, katundu ali pamtetete. Pamenepo pamafunika over/under voltage relay (yodula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri) yokhala ndi delay.

MadalaNdirande: Zonsezo popanda earth yabwino n'kutaya ndalama. Anyamata a masiku ano mumakhoma rod m'dothi louma la mu Okutobala n'kumapita.

GetsiZomba: Madala, earth yabwino siingatsitse 400V ya pakati pa live ndi neutral.

ChisomoLeeds: Kuno ku UK chibwerereni Amendment 2 ya BS 7671 (malamulo athu a wiring) mu 2022, SPD timaika m'nyumba pokhapokha mwini wake akane. Koma samalani ndi kutalika kwa mawaya olumikiza SPD: onse pamodzi asapitirire theka la mita, zikavuta mita imodzi. Mukazunguliza waya mu DB, voltage yofika ku katundu imakwera. Ndipo musamawalonjeze anthu kuti Type 2 iteteza mphenzi ikagwa padenga penipeni.

AmfumuChilomoni: Zandikumbutsa nyumba ina nyengo ya dzinja. SPD yobiriwira bwinobwino, koma TV yapsa pa HDMI. Surge inadzera pa chingwe cha dish, ku DB sinafikeko n'komwe. Bambowo anandisungira ndalama zanga mpaka lero, akuti ndinabwera ndi tsoka.

MadalaNdirande: Dish imeneyo ikanakhala ndi earth sizikanachitika.

Wamawaya49: Neba akuti mababu ake anaphulika awiri. Koma mayiwo sakumva, akuti protection ndi protection.

ChisomoLeeds: Musasinthe cartridge ya SPD musanayeze voltage pa main switch, yatsopanoyo ingapsenso. Katundu wotsala asalumikizidwe kaye, ndipo nkhani ya neutral ikanenedwe kwa eni magetsi, musakwere pa pholo nokha.

MadalaNdirande: Ma ohm aja sindinawamvebe.

AmfumuChilomoni: Voltage relay ija, ya 63A, ikupezeka pa zingati ku Limbe masiku ano? Zotchipa zija screen imafa msanga.