Switch ya Cisco ndalumikiza koma sindikutha kulowamo, thandizeni

wa_ku_mangochi:
Moni abale nonse muli kuno ku Joni. Ndimagwira ntchito pa shopu ina ya photocopy ndi intaneti ku Mayfair, ndiye bwana agula switch (kabokosi kolumikiza zipangizo zambiri pa netiweki imodzi) yogwiritsidwa kale ntchito, Cisco Catalyst 2960 ya ma port 24, akufuna ndisiyanitse makamera a CCTV ndi wifi ya makasitomala, zama VLAN zija zogawa netiweki imodzi m'magulu osiyana. Ndalumikiza laputopu ndi kebulo, timagetsi tobiriwira tikuphethira bwinobwino koma ndikalemba 192.168.1.1 pa Chrome palibe chikutuluka. Ine ndimayesa zikhala ngati router ya kunyumba. Ndilowemo bwanji? Andipatsa mpaka Lachisanu basi.

network_rosettenville:
Achimwene imeneyo si router ya kunyumba, simungangoiganizira IP ayi. Fufuzani port yolembedwa CONSOLE, pamenepo ndiye pakhomo penipeni. Mukufunika console cable, ija ya buluu yophwatalala, uku RJ45 uku serial, ndiye poti malaputopu a masiku ano alibe serial gulani yomwe ili ndi USB kale. Mukalumikiza onani mu Device Manager ya Windows kuti kebuloyo yatenga COM port yanji, tsegulani pulogalamu ya PuTTY, sankhani Serial, speed 9600, data bits 8, parity none, stop bit 1, flow control none, kenako Enter kawiri. Poti ndi yakale mwina mupeza password ya mwini wake woyamba, musade nkhawa, zimitsani, gwirani batani la Mode pomwe mukuyatsa osasiya mpaka kagetsi ka SYST kasiye kuphethira, mukalisiya mu PuTTY mutuluka mawu akuti "switch:", ndiye mulembe flash_init, kenako rename flash:config.text flash:config.old, kenako boot. Idzuka yopanda config ija.

mlongo_wa_IT:
Zoona zimenezo. Koma mukalowa musathere pa console, simungamanyamule kebulo tsiku lililonse kukagwada kuseri kwa kabati. Konzani SSH, njira yotetezeka yolowera mu switch kudzera pa netiweki: ipatseni IP pa interface vlan 1, ikani hostname ndi ip domain-name, username ndi secret, mupange crypto key generate rsa ya 2048, pa line vty mulembe login local ndi transport input ssh. Telnet, njira yakale yolowera ya port 23 ija, isiyeni chonde, password imayenda poyera, wina ali pa netiweki yomweyo ndi pulogalamu yoonera zodutsa pa netiweki ya Wireshark atha kuiwerenga. SSH ndi port 22. Ndipo shopu ya makasitomala choncho IP ya switch isakhale VLAN imodzi ndi wifi ya anthu.

kabaza_tech:
Ine changa ndi chimodzi, write memory!! Chaka china ndinakhala Loweruka lonse ndikukonza ma VLAN pa ofesi ina ku Randburg, zonse zikuyenda, madzulo load shedding, magetsi pobwera switch inadzuka ngati sindinaikhudzepo, makamera onse zii. Zinandiwawa kwambiri, ndinabwereranso Lamulungu ndi ndalama yanga ya taxi. Zomwe mukulemba zimakhala mu running-config, yomwe imafufutika switch ikazima, pokhapokha muzikopere ku startup-config polemba write memory. Muwauzenso bwana agule ka UPS, kabatire kothandiza magetsi akazima.

wa_ku_mangochi:
Zikomo akuluakulu, kebulo ndaipeza mu CBD. Poyamba zimatuluka zilembo zosamveka, kani pa speed ndinalemba 96000 m'malo mwa 9600, nditakonza yandifunsa password, ndachita za Mode zija yatseguka. SSH ndayesa ili bho kuchokera pa kauntala ndipo write memory ndalemba kale. Mlongo, nanga port yopita ku router ndiyiike trunk (yonyamula ma VLAN angapo) kapena access (ya VLAN imodzi)?