Salisbury Plain mu Novembala: majombo akutidyera nthawi

Wotsogolera ulendo: Anzanga, ndithandizeni nzeru za katsitsidwe ka alendo ku Salisbury Plain, gombe la pachilumba cha South Georgia. Sitima ili ndi alendo 180, ndipo lamulo la IAATO, bungwe la makampani otengera alendo ku Antarctica, silola anthu opitirira 100 kumtunda nthawi imodzi. Tikawagawa pawiri, kutsuka majombo a gulu loyamba kumachedwetsa zonse, moti lachiwiri limatsika mphepo itayamba kale. Gombe nalo ladzaza ma fur seal aamuna, nyama zaubweya za m'nyanja zimene zimaswana pagombe.

Woona zaukhondo: Akulu, vuto ndi malo amene mukutsukira. Matope a kumeneko ndi osakanikirana ndi zitosi za mbalame za king penguin, ndipo Virkon S, mankhwala amene timapondetsamo majombo, sapha tizilombo pa jombo yamatope. Ikani anthu awiri ndi maburashi pagombe, mlendo aliyense akwechere m'madzi a m'nyanja asanakwere Zodiac, boti laling'ono lopopa. Akafika m'sitima kumangotsala kutsukuluza ndi kuponda m'mankhwala. Sungunulani magalamu 10 pa lita imodzi ya madzi. Mtundu wake wapinki ukayamba kuzilala, ndiye kuti mphamvu yatha, pangani ena. Akaponda asatsukuluzenso, jombo iume ndi mankhwalawo.

Njere za udzu zimabisala mu Velcro (zomatira za pa zovala), m'matumba ndi m'mizere ya pansi pa jombo. Zimenezo chotseranitu dzulo lake, osati m'mawa pamzere.

Woyendetsa Zodiac: Gulu lachiwiri lisamadikire m'sitima. Litsike nthawi imodzi ndi loyamba, anthu 10 pa boti, lizizungulira mu Bay of Isles, nyanja yoyang'anizana ndi gombelo, kenako musinthanitse pagombe pomwepo. Mphepo yotsetsereka ku madzi oundana a Grace ndi Lucas imabwera mwadzidzidzi, choncho yambani mbandakucha. Mafunde akakula, fikani chammbuyo, mphuno ya boti iyang'ane mafunde, anthu awiri aigwire.

Katswiri wa mbalame: Mlendo asanaponde pansi, otsogolera awiri ayambe ayendera gombe. Chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapezeka ku Bird Island, kachilumba ka ku South Georgia komweko, mu Okutobala 2023, ndiye mukaona mitembo yambiri, kapena mbalame ya skua ikupotoza khosi ndi kudzandira, musatsitse aliyense, dziwitsani boma la South Georgia. Kukakhala bwino, zikani mbendera zolozera njira, mamita 15 kuchokera pa ma fur seal ndi 5 pa ma penguin, wotsogolera mmodzi pa alendo 20 alionse. Pasakhale wogwada, wokhala pansi kapena wotula chikwama. Ojambula zithunzi ndiwo amaiwala msanga, akumbutseni adakali m'boti.

Wotsogolera ulendo: Nanga ma fur seal akatseka gombe lonse?

Katswiri wa mbalame: Musakakamire. Mwezi uno yaimuna iliyonse imateteza dera lake, imathamanga kuposa momwe alendo amaganizira, ndipo ikaluma munthu bala lake limatukusira msanga. Magulu onse awiri aonere ali m'ma Zodiac.