Design ya solar yatha koma semester ikutha, ndiwalole amange?

WaMagetsi:
Akuluakulu thandizeni mutu waima. Gulu la ophunzira anga a third year lapanga design ya solar ya kakreshi kena ku Diepsloot ku South Africa, mapanelo, inverter, batire, load calculation zonse zili bwino, koma ethics clearance (chilolezo cha yunivesite chogwirira ntchito ndi anthu) yatuluka mochedwa ndiye kwatsala masabata atatu basi. Amayi a pakreshipo akuimba foni daily kuti magetsi abwera liti, ophunzirawa anakalonjeza okha osandiuza. Ndiwalole amange kapena ndingochonga lipoti? Nanga GA 7 ya ECSA (mfundo ya bungwe loyang'anira mainjiniya ku South Africa yoti omaliza maphunziro azimvetsa momwe ntchito yawo imakhudzira anthu ndi chilengedwe) ingakwane ndi pepala lokha?

Mkulu_PrEng:
Asagwire waya achimwene. Popanda munthu wa laisensi wosaina CoC (satifiketi yotsimikiza kuti mawaya aikidwa moyenera) motsatira muyezo wa mawaya a magetsi wa SANS 10142-1 musayerekeze. Mmenemo mumakhala tiana.

Mayi_Civil:
Kumanga si nkhani, nkhani ndi ya mawa. Ife tinaika thanki ya madzi a mvula pamalo ena ku Orange Farm, anthu anavina tsiku lopereka, mpope unayamba kudontha ophunzira athu ali ku holide ndipo panalibe olo mmodzi wodziwa kogula washer yake. Chaka chinacho titabwera ndi gulu latsopano a komiti anatibwezera pageti, akuti mwabweranso kudzatijambula eti. Mpaka pano zimandiwawa chifukwa ankanena zoona. Batire yanuyo ikafa agule ndani? Ikabedwa?

WaZomba:
Ku University of Pretoria module ya JCP, yothandiza anthu m'madera, ophunzira amagwira maola 40, zambiri zimakhala zoti zitheke mu nthawi imeneyo ngati kuphunzitsa masamu. Inu mwasenza katundu wa zaka ziwiri mu semester imodzi. Chongani design ndi reflection, kumangako kukhale kwa gulu lotsatira, koma mupite nokha mukawauze amayiwo pamaso, osati pa WhatsApp. Ophunzirawo apite nanu, kubweza lonjezo nakonso ndi phunziro.

Mkulu_PrEng:
Gulu lino kapena lotsatira, CoC asaina ndani? Moto ukabuka inshuwalansi ya yunivesite idzafuna dzina, ndipo lidzakhala lanu.

WaMagetsi:
Bwana ndamva, kontrakita alipo woti asaine, vuto ndi nthawi komanso ndalama yake sinali mu bajeti.

Mkulu_PrEng:
Kusaina zomwe sanaone zikumangidwa? Ayi, akhalepo kuyambira tsiku loyamba.

Mayi_Civil:
Komanso khansala wa wadi akudziwa? Mukamudumpha mudzamva kuti mapanelo abwera ndi chipani. Ndipo zithunzi za tiana zisalowe mu lipoti popanda chilolezo cha makolo, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA lija si lamasewera.

WaZomba:
Paja transport mumatani anzathu? Kwathu basi ya faculty imafuna booking mwezi wathunthu, ana amangokwera taxi ndi ndalama zawo, ena odalira thandizo la boma la NSFAS amajomba site visit kenako timawadula mamalikisi ngati ndi ulesi.

Mayi_Civil:
Zomwezo kuno, ine ndinasiya kuchonga attendance ya ku site mpaka atakonza za galimoto.