Thandizeni pa mawindo akale a matabwa

Moni nonse pagulu pano. Nyumba imene anatisiyira malemu bambo ku Area 3, kuno ku Lilongwe, ili ndi mawindo a matabwa, aja otsegula pokankhira m'mwamba. Penti yakanganuka, putty wogwira magalasi akugumuka, ndipo matabwa am'munsi ayamba kufumbwa chifukwa cha madzi. Mawindo ena zingwe zake zokwezera zinaduka, sakutsegukanso.

Ndinapala ndi sandipepa n'kupaka penti yamafuta, koma dzinja limodzi lokha yatukusira. Akalipentala amene ndawafunsa akungoti ndizule ndiike azitsulo. Mtima wanga ukukana, thabwa lake ndi mlombwa weniweni.

Kodi malo ofumbwawo amadula n'kulumikiza thabwa lina? Ndiyambe ndi primer (penti yoyambirira kupaka pathabwa) wanji? Ngati mukudziwa mmisiri amene anakonzapo mawindo otere, chonde ndilozereni mvula ya Novembala isanayambe.