Kodi yunivesite ingasunge nyimbo zamakolo za ku China osazisintha?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Yunivesite ya zoimba ya China Conservatory of Music ya ku Beijing inatsegulidwa mu 1964 makamaka kuti iziphunzitsa nyimbo zamakolo. Nanga bwanji ophunzira ambiri akamaliza amaimba mofanana, chonsecho mitundu ya nyimbo ngati hua'er ya ku Qinghai ndi xintianyou ya kumpoto kwa Shaanxi n'zosiyana kwambiri? Chimalakwika n'chiyani m'kalasimo?

Mphunzitsi wa kwaya: Vuto limayambira pa pepala ndi piyano. Nyimbozi amazilemba mu jianpu, kalembedwe ka manambala 1 mpaka 7, ndipo manambalawo ndi mafupa okhaokha. Kutsetsereka kwa liwu, kulinjenjemeretsa ndi kulikhotetsa, zomwe eniake amati runqiang, sizikwana papepalapo. Komanso m'kaimbidwe ka kuyin ka ku Shaanxi, 4 amakwerako pang'ono pomwe 7 amatsikako, pamalo poti piyano ilibe batani. Mphunzitsi akamatsogolera ndi piyano, amakonza zomwe sizinalakwike. Mukawonjezerapo kapumidwe ka bel canto, kaimbidwe ka ku Italy, onse liwu limodzi basi.

Wojambula nyimbo: Zoona zimenezo aphunzitsi. Ndondomeko ndiyo iyenera kutembenuzidwa. Wophunzira ayambe walakatula mawu a nyimboyo m'chiyankhulo cha komwe inachokera, osati Mandarin, chiyankhulo cha boma ku China, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa mawu poyankhula ndiko kumaumba nyimbo. Kenako amvetsere oimba atatu kapena kuposerapo akuimba nyimbo imodzimodziyo, kuti adziwe pokhazikika ndi pomwe woimba ali ndi ufulu. Akatero azitsanzira mzere umodziumodzi popanda chida. Kulemba kubwere komalizira, ndipo alembe yekha. Timawu todzazira, chenci, asatichotse ngakhale tikuoneka topanda tanthauzo: ndi tomwe timanyamula mpweya. Musatsitsenso nyimbo kuti ikhale yosavuta. Amuna oimba hua'er amakwera mpaka liwu laling'ono lam'mutu.

Wa nyimbo zamagulu: Tisaiwale mayeso. Nyimbo zikuluzikulu za anthu a Dong ku Guizhou, zomwe bungwe la UNESCO linazivomereza ngati chuma chachikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2009 pamodzi ndi hua'er, zimaimbidwa pagulu, popanda chida kapena wotsogolera ndi manja. Ambiri amagwira liwu lapansi mosadukiza, akumapuma mosinthana, ochepa akuimba pamwamba. Ndiye mungayese bwanji munthu mmodzi payekha? Ayesedwe gulu lonse. Lamulo la ku China la 2011 loteteza chikhalidwe limazindikira akatswiri akumudzi monga osunga luso. Amenewo apatsidwe teremu yathunthu ndi mphamvu yopereka malikisi, asamangoitanidwa kudzaimba tsiku limodzi.