Kodi by-law ndi lamulo lenileni kapena akungondiopseza?

Anambewe:
Abale anga pagulu pano ndithandizeni, mutu wandiima. Ndili ndi kagolosale pakhomo pomwe ndikuchita lendi, ndiye dzulo kwabwera kalata ya kukhonsolo, yonse m'Chingerezi. Akuti ndaphwanya by-laws, pansi pake atchulanso regulations, kenako akuti "you shall comply". Aneba anga akuti by-law si lamulo chifukwa sinadutse ku Nyumba ya Malamulo, ndingoing'amba. Koma anebawo akhala akundichitira nsanje chiyambireni kugulitsa mafuta ophikira, sindingawakhulupirire. Alandilodi akweza lendi, furiji inapsa ndi kuthimathima kwa magetsi, mwana wanga wa Fomu 4 waiwerenga wangoti awa ndi mawu a kukhoti. Kodi andimanga?

Aphiri:
Mayi, MUSANG'AMBE kalatayo. Anebawo akukusocheretsani. Malamulo ali ndi makwerero. Pamwamba pali Constitution ya 1994, lamulo lalikulu loyendetsera dziko, ndipo gawo 5 limati lamulo lililonse losemphana nayo n'lopanda mphamvu. Pansi pake pali Act, lomwe ndi lamulo lokhazikitsidwa ndi aphungu. Likadali kukambidwa limatchedwa Bill. Limasanduka Act likavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo n'kusainidwa ndi Pulezidenti, ndipo siliyamba kugwira ntchito lisanasindikizidwe mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezera malamulo. Kenako pamabwera ana a Act: regulations, rules, orders ndi by-laws. Onsewa amatchedwa subsidiary legislation. Regulations kawirikawiri amapanga ndi nduna pogwiritsa ntchito mphamvu zomwe Act yaipatsa. By-laws amapanga ndi khonsolo pansi pa Local Government Act ya 1998, nduna n'kuzivomereza, ndipo zimagwira m'dera la khonsoloyo lokha. Koma m'deralo ndi lamulo ndithu, mukaliphwanya mutha kukaonekera kukhoti.

Anabanda:
Aphiri afotokoza bwino, koma mayi simunatiuze chachikulu. By-law yake iti? Ya laisensi ya bizinesi, ya zaumoyo, ya misika kapena ya zomangamanga? Kalatayo yalembedwa liti ndipo akupatsani masiku angati? Jambulani mzere womwe uli ndi dzina la by-law ndi nambala yake, mubise dzina lanu.

Angozo:
Vuto ndi ili lomwe ndimanena tsiku ndi tsiku. Chifukwa chiyani kalata yopita kwa mayi wogulitsa sopo ndi shuga ilembedwe m'Chingerezi cha maloya? Anthu akulipira chindapusa pa zinthu zomwe sanazimve n'komwe.

Aphiri:
Angozo, zimenezo mukauze phungu wanu, mayiwa akufuna thandizo lero. Mayi, mvetserani mawu awa. "Shall" m'lamulo satanthauza za m'tsogolo ngati m'buku la kusukulu. Amatanthauza kuti mukuyenera kutero, mufune musafune. "May" ndi chilolezo, munthu atha kuchita kapena kusachita. Ndiye akati "the Council may revoke the licence" sikuti alanda kale laisensi, akungonena kuti mphamvuzo ali nazo. "Fine not exceeding" ndi malire a pamwamba a chindapusa, osati mtengo womwe aliyense amalipira. "Liable on conviction" ndiye kuti chilangocho chimabwera khoti likakupezani wolakwa, osati munthu akangofika pagolosale n'kutambasula dzanja.

Anaphiri:
Apo pa shall musaumirirepo kwambiri achimwene. Makhoti nthawi zina amaona cholinga cha lamulo lonse, ndipo pena amagamula kuti shall wina akungolangiza kachitidwe, kulakwitsa pamenepo sikugwetsa nkhani yonse.

Aphiri:
Achemwali, zimenezo n'za maloya awiri akukangana pamaso pa jaji. Mayi wa golosale mukamuuza kuti shall amafewa mumupweteketsa. Iye awerenge kuti SHALL ndi kukakamiza, basi.

Ajere:
Amalonda ambiri amangotsegula pakhomo osafunsa kaye ngati malowo ndi ololedwa kuchitirapo bizinesi, kalata ikabwera ayamba kuloza aneba. Laisensi muli nayo mayi? Ya chaka chino?

Anambewe:
Bambo inu musandiweruze, ndimalera ana atatu ndekha. Alandilodi anandilola okha kutsegula. Kalatayo ili ndi chidindo chofiira ndipo anabweretsa ndi anthu awiri.

Anabanda:
Chilolezo cha alandilodi si laisensi, ndipo mtundu wa chidindo sutiuza kanthu. Tikufunabe dzina la by-law ndi masiku. Powerengera masiku, General Interpretation Act, lamulo lofotokoza kamasuliridwe ka malamulo ena, imati tsiku lomwe chinthucho chachitika siliwerengedwa, ndipo tsiku lomaliza likagwa Lamulungu kapena pa holide ya boma, mumapatsidwa tsiku lotsatira. Muonenso ngati alemba "days" kapena "working days", n'zosiyana. Muonenso ngati akuwerengera kuchokera tsiku lolembedwa pakalata kapena tsiku lomwe mwailandira. Ambiri amagwa pamenepo.

Amwale:
Musaiwale ordinance. Malamulo a nthawi ya Nyasaland ankatchedwa choncho. Komanso mukaona "Cap." ndi chidule cha chapter, nambala ya mutu wa lamulolo m'mabuku a Laws of Malawi.

Aphiri:
Ndani wafunsa za Nyasaland? Chofunika ndi ichi: policy, guidelines ndi circular si malamulo pa okha. Ndi ndondomeko ndi malangizo a m'maofesi, sangakupatseni chilango popanda lamulo lowaikira kumbuyo. Ndipo by-law ikapyola mphamvu zomwe Act inapereka, amati ndi ultra vires, khoti litha kuigwetsa. Koma amagwetsa ndi KHOTI, osati aneba. Mupite kukhonsolo ndi kalatayo, mupemphe akuonetseni by-law yomwe atchulayo ndi ndime yake. Muwerenge mpaka pansi, chifukwa "provided that" ndi "subject to" ndi pomwe pamabisala zopatula. Mukalipira kalikonse mulipire pa kauntala, mulandire lisiti.

Angozo:
Awerenga bwanji mpaka pansi poti n'Chingerezi chomwecho?

Anaphiri:
Apite ndi munthu wodziwa, kapena afike ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa nkhani za malamulo. Malamulo ambiri aliponso aulere pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII, ngakhale by-laws za makhonsolo sizipezeka zonse pa intaneti. Yankho lanu mulembe, mupange fotokope, akudindireni tsiku lomwe alandira.

Anambewe:
Zikomo nonse. Kalatayo atenga achimwene anga, akuti akaonetse mnzawo wa kutchalitchi. Za masikuwo ndiona akabweza Loweruka.

Anabanda:
Loweruka n'kutali mayi. Aimbireni pompano akuwerengereni pafoni.