Anzanga a nyumba za lendi, munthu wabwino mumamudziwa bwanji?

Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chingodzi, ine ndimakhala ku Ulongwe kuno ndiye kupita ku Tete ndi ulendo, sindingamayendere mwezi ndi mwezi. Amene analimo uja anabwera ataphoda bwinobwino, akuti ndimagwira ku migodi ya malasha ku Moatize, miyezi iwiri yoyamba ndalama imalowa pa M-Pesa tsiku lake lenileni, kenako zinangoyamba za mawa mawa mpaka miyezi inayi, tsiku lina anasamuka usiku osatsanzika, kusiya bilu ya madzi, loko wothyoka, khoma lakuda bii ndi utsi poti amaphikira mbaula m'kati. Mwayi wake magetsi ndi a Credelec, olipiriratu aja, bwenzi ndikulira kawiri.

Pano pabwera banja lina, akuoneka aulemu koma ujanso ankaoneka choncho. Inu mumatani, mumatenga kopi ya chiphaso cha unzika (BI) basi kapena mumakalemberana pepala pamaso pa sekeletale wa bairro (mkulu woyang'anira dera)? Nanga dipoziti ya miyezi iwiri pa lendi ya 4,000 metikali si ndiwathamangitsa? Mlamu wanga akuti ndimusiyire aziyang'anira, koma ndalama ndi chibale mmm ndikukayika.